Mayi Wofulatira m'Zithunzi za Alamu Anga

Mwati chithunzi sichinama? Mwina n'zoona. Koma tasunthani kaye chikunicho, utsi ukundilowa m'maso, ndikuuzeni zimene zinawagwera alamu anga a Wyson Namaona. Sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo, chifukwa nkhoswe ya banjalo ndine.

A Wyson ndi mphunzitsi wa pulayimale kwathu ku Phalombe, munthu wosamwa, wosasuta, wosapita ngakhale ku mpira. Nthenda yawo inali imodzi, kujambula zithunzi. Anayamba ndi foni. Ankalawirira kukadikira dzuwa kuti lituluke kuseri kwa phiri, ankagona chafufumimba m'munda kujambula chiwala, ndipo ukawapeza pakhonde ankakutopetsa n'kukufotokozera kuti dzuwa la masana limaumitsa nkhope, labwino ndi la m'mawa kapena lopendeka. Mlongo wanga Enelesi, amene ndi mkazi wawo, ankangoseka. Ankati bola mwamuna wothamangitsa ziwala kusiyana ndi wothamangitsa masiketi.

M'mwezi wa Juni chaka chatha, alamu anapita ku Limbe n'kubwerako ndi kamera yeniyeni, yakuda, yolemera, yokhala ndi lamba wokoleka m'khosi komanso kagalasi kumbuyo koonerapo zimene wajambula. Inali yogwirapo kale ntchito. Wogulitsayo, bambo wina amene amayala katundu pakhonde la sitolo, anawauza kuti inachokera kunja m'belo la kaunjika.

Woyamba kuona zachilendo anali Enelesi. Kabati imene ankasungamo kamerayo inayamba kununkha dothi lonyowa, fungo lija la mvula yoyamba, chonsecho unali mwezi wozizira, kunja kuli fumbi lokhalokha. Anatulutsa zovala zonse n'kuziyanika, koma fungo silinachoke. Lamba wa kamera ankapezeka wachinyezi. Kachivindikiro ka galasi lakutsogolo kanasowa katatu, ndipo katatu konse kanapezeka panja, pakhomo penipeni, ngati wina wakaika mwadala. Ana awo ali kusukulu yogonera konko, ndiye panalibe womuloza chala. Mwamuna ankaganizira mkazi kuti akugwiragwira zinthu zake, mkazi ankaganizira mwamuna kuti wayamba kuiwalaiwala.

Tsiku lina masana Enelesi ali yekha pabalaza akusoka, anamva m'kabatimo kuti tcha. Ndi kulira kuja kamera imalira ikamatola chithunzi. Anaika singano pansi n'kumvetsera. Kunali zii. Atangoyambanso kusoka, anamvanso tcha. Sanatsegule kabatiyo. Anatenga nsalu yake n'kukasokera pansi pa mtengo wa mango mpaka amuna ake ataweruka.

Zonsezi akanazipirira. Chimene chinandiitanitsa ine ndi zithunzi.

Alamu anatsukitsa zithunzi makumi awiri kusitudiyo ya paboma, n'kubwera nazo kunyumba monyadira. Enelesi akuziona chimodzichimodzi, anaona mayi wina ataima patali kumbuyo kwa ogulitsa tomato pamsika wa Migowi. Anavala chitenje chachikasu cha madontho akuda, kumutu kopanda duku, kumapazi kopanda nsapato, ndipo anali atafulatira. Pachithunzi cha pamlatho analiponso. Pabwalo la sukulu analiponso. Panjira ya kutchalitchi, m'munda wa nandolo, paliponse. Malo osiyana, masiku osiyana, mayi yemweyo, chitenje chomwecho, nthawi zonse atafulatira.

Sabata yomweyo mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti la sukulu anamufunsa Enelesi ngati kunyumba kwabwera mlendo.

"Mlendo wanji?"

"Amene amawatsatira aphunzitsi m'mawa aja. Amayenda chapatali ndithu, koma akaima iwo, nawonso amaima."

Nditafika, ndinapeza zithunzi zitayalidwa patebulo ngati katundu wogwidwa ndi wakuba. Enelesi anakhala pamphasa, maso ali psuu. Alamu anakhala pampando, manja ali pakati pa mawondo.

"Achimwene, afunseni anthuwa kuti mayi ameneyu ndani," anatero Enelesi. "Ine ndafunsa ndatopa."

"Alamu, mwamva. Ndani?"

"Sindikumudziwa, alamu. Pojambulapo sindinamuone n'komwe."

"Munthu mmodzi kupezeka m'zithunzi makumi awiri, inu osamuona?"

"Ndi zimene zikundizunguza mutu inenso."

"Amamuuza kuti afulatire," anatero Enelesi, mawu ali pansipansi. "Kuti ine ndisaone nkhope. Akufuna azikhala naye m'nyumba mwanga muno, m'chimbale cha zithunzi, ine ndikumupukuta fumbi."

Kunena zoona, inenso maganizo anga anali omwewo. Amuna ofatsa ndawaona ambiri pa unkhoswe, ndipo madzi odikha ndi amene amamiza. Enelesi anali atamanga kale zovala m'chikwama. Ndinamupempha kuti andipatse masiku atatu.

M'mawa mwake ndinapita ndekha paboma kukagula kakhadi katsopano kosungira zithunzi, poganiza kuti mwina alamu amachita matsenga awo pakompyuta ya kusukulu. Ndinawauza kuti andionetse podina, kenako ndinawalanda kamerayo n'kuwasiya pakhonde ndi mkazi wawo. Ndinapita kudambo lija la kuseri kwa chigayo, kumene udzu anali atatentha kale, koti ngakhale nkhuku ungaione ili kutali. Dzuwa linali paliwombo. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinadina katatu.

Nditayang'ana pakagalasi kaja, mayi uja anali pakati pa dambo.

Ndinakweza maso. Panalibe kanthu, phulusa lokhalokha ndi kamvuluvulu kakang'ono. Ndinayang'ananso pakagalasi. Pachithunzi choyamba anali kutali. Pachiwiri anali atayandikira. Pachitatu anali pafupi moti ndinaona matope ouma kumiyendo kwake, ndi tsitsi lomatana ngati la munthu wochokera m'madzi. Kubwerera kunyumba sindinathamange, chifukwa ndine munthu wamkulu, koma sindinacheuke ngakhale kamodzi.

Ndinawaonetsa onse awiri. Enelesi anayang'ana zithunzizo, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Achimwene, mwagwirizana?"

"Tigwirizane chiyani, achemwali?"

"Amuna mumabisirana."

Mawu amenewo anandipweteka, koma sindinamudzudzule. Munthu akayamba kukayika, ngakhale mthunzi wake amaufunsa kumene wachokera.

Nthawi yonseyi alamu anali atayandikitsa kagalasi kumaso. Kenako anati, "Taonani apa. Chiputu ichi mthunzi wake uli pansi pake, chifukwa ndi masana. Chulu ichi chimodzimodzi. Nanga mayiyu mthunzi wake uli kuti? Ndiponso onani chitenjechi. Dzuwa lonse lija, chachikasu chikanawala mpaka kuthobwa m'maso. Koma chazimiririka. Kuwala kumene kuli pa iye si kwa lero. Ndi kwa tsiku la mitambo, tsiku la mvula."

Anayala zithunzi zina zija n'kutisonyeza chimodzichimodzi. Zinali choncho ponseponse. Anthu ena onse ali padzuwa, iye yekha ali mumvula yake. Anaonanso chinthu china chimene ife sitinachione: kulikonse kumene waima, mayiyo ankayang'ana kuphiri.

Enelesi anangodzuka, n'kutenga kamerayo ndi nsalu ngati akugwira mphika wotentha, n'kukaiika pakhonde.

Loweruka tinapita ku Limbe tonse atatu. Enelesi anakana kutsala. Anati akufuna adzimvere yekha, asachite kuuzidwa ndi amuna awiri. Wogulitsa uja tinamupeza pamalo pake, atazunguliridwa ndi mawayilesi akale ndi mafoni osweka. Atangoona kamera m'khosi mwa alamu, anayamba kukonzakonza katundu amene anali wokonzeka kale.

"Katundu wogulidwa sabwezedwa, bwana."

"Sitinabwere kudzabweza," ndinatero. "Tiuzeni kumene munaitenga."

"Ndinanena kale. M'belo."

Alamu anatsegula kachitseko ka batire, n'kukanda m'kona ndi kamtengo ka machesi. Munatuluka dothi lofiira. Analiika pachikhatho n'kumuonetsa.

"Kunja kumene mukunenako kuli dothi la katondo ngati lathu lino?"

Bamboyo anayang'ana anzake oyandikana nawo, kenako anatikodola kuti tipite kuseri kwa sitolo. Kumeneko anayankhula motsitsa. Anati chaka chija napolo anatsika m'mapiri n'kukwirira midzi, panali anthu ena amene ankapita kukakumba m'matope, kutola malata, mapoto, njinga, chilichonse. Mmodzi wa iwo ndi amene anamubweretsera kamerayo, ili chibuma cha matope. Iye anangoitsuka n'kuiyanika kuti mwina adzagulitse galasi lokha.

"Wokonza mafoni anandiuza kuti yafa, siingayakenso. Koma tsiku lina ndikutsegula katoni, ndinaipeza yayaka yokha. Ndinaisunga miyezi isanu. Mkazi wanga anandiuza kuti ndisadzalowe nayonso m'nyumba."

"Chifukwa chiyani?" anafunsa Enelesi.

Bamboyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana pansi. "Mayi, ngati mwabwera mpaka kuno, chifukwacho mukuchidziwa."

Anatiuza mudzi umene kamerayo inakumbidwa. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu ake akadali ndi chisoni. Uli m'tsinde mwa phiri, mtunda wa maola awiri panjinga yamoto kuchokera kwathu.

Tinapitako Lolemba. Pamene panali mudzi tinapezapo miyala ikuluikulu ngati nyumba, ndi mchenga, ndi mitengo yogona yoyera ngati mafupa. Opulumuka anamanga timisasa chakumtunda. Atationa ndi kamera, anthu anayamba kulowa m'nyumba. Bambo wina anatifunsa mwaukali ngati ndife a bungwe obwera kudzawajambula n'kupita osabweranso, kapena ndife aja okumba katundu wa akufa. Ndinachita kufotokoza kawiri kuti ndife anthu a konkuno, tikungofuna wina atithandize kuzindikira munthu.

Zithunzi zinayenda m'manja mwa amayi amene anali pamjigo. Zitafika kwa mayi wina wamtali, wowonda, anakhala pansi pomwepo pamatope.

"Chitenjechi ndinamugulira ndine," anatero. "Ndi mng'ono wanga Felesiya. Mwamujambula liti?"

"Mwezi uno," anayankha alamu.

Amayi ena aja anatenga zidebe zawo n'kuchoka mmodzimmodzi, ena zidebe zisanadzaze. Mayi wamtaliyo, amene anati dzina lake ndi Edina, anatiuza kuti thupi la Felesiya silinapezeke. M'malo mwake anaika m'manda thunthu la nthochi lokulunga m'nsalu. Kenako analoza kamerayo.

"Iyo ndi ya amuna ake, a Mukhuna. Ankaikonda kuposa chakudya. Iwo anapulumuka. Amati m'mawa umenewo anali atapita kuchigayo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kuchigayo mvula ya masiku atatu ija, magetsi kulibe. Ufawo sitinauone mpaka lero. Koma ukafunsa, amati ukunyoza wamasiye."

Anatitsogolera kukamsasa kena kakumapeto, kofolera ndi pulasitiki wakuda. A Mukhuna anali panja akusema mpini. Anali bambo wa zaka ngati za alamu, koma tsitsi lonse mbuu. Anatilonjera bwinobwino, n'kutipatsa zitsa zokhalira. Kenako maso awo anagwera pakamera. Kasemasema anawapulumuka m'manja.

Ndinkayembekeza kuti munthu akaona chinthu chake chimene chinatayika, amatambasula manja. Iwo anabisa manja kumbuyo.

"Si yanga," anatero, tisanafunse kanthu.

"Alamu, musatero," anatero mayi Edina kwa a Mukhuna. "Lambayo anasoka ndi Felesiya ndi ulusi wofiira atadukapo. Suwo ulusiwo?"

Enelesi anatenga zithunzi n'kuziika pamiyendo pa bamboyo. A Mukhuna anayang'ana choyamba, chachiwiri, chachitatu.

"Watembenukapo?" anafunsa. "Pali pamene watembenuka?"

"Palibe," anatero alamu.

"Bambo," anatero Enelesi, "mayi ameneyu watsala pang'ono kundithetsera banja. Ine sindinamulakwire, amuna anganso sanamulakwire. Inu mukudziwa chimene akufuna. Kuchigayo munapitadi?"

Mphepo inkagwedeza pulasitiki wa padenga. Ndipo fungo lija la dothi lonyowa, limene ndinkangolimva m'nkhani za Enelesi, ndinalimva ndekha, lamphamvu, dzuwa likuswa mtengo.

A Mukhuna anayankhula akuyang'ana pansi. Anati m'mawa umenewo anamva phiri likulira ngati magalimoto ambiri. Anatuluka ndi kamera n'kukwera pamwala waukulu umene unali kuseri kwa nyumba. Felesiya anatuluka pambuyo pawo n'kuima pabwalo, atafulatira, akuyang'ana kuphiri. Kumtunda kunkatsika chinthu chakuda, chotalika kuposa mitengo ya bulugamu, chitanyamula miyala.

"Ndinachiona ine poyamba, chifukwa ndinali pamwamba, ndiponso galasi limakokera zinthu pafupi. Iye pansi paja sankachiona bwino. Mwala unali pafupi, mapazi khumi okha. Ndikanakuwa nthawi yomweyo, akanafika. Koma chinali chitakwana bwino m'galasi. Iye kutsogolo, chinthucho kumbuyo. Ndinati ndidine kamodzi kokha, kenako ndikuwe. Ndinadina. Ndinadinanso. Pamene ndinkatsegula pakamwa, anali atayamba kutembenuka kuti andiyang'ane. Sanamalize."

Kamera anaiponya m'matopemo iwo eni. Anakhala pamwalapo mpaka madzulo, ndipo anthu atawapeza, anati akuchokera kuchigayo.

Mayi Edina sanalire, sanatukwane. Anangodzuka n'kukaima chapatali, atagwira pakamwa.

Alamu anavula kamera m'khosi n'kuipereka, koma a Mukhuna anapukusa mutu n'kusendera m'mbuyo. Enelesi anailanda, ulendo uno ndi manja ake opanda nsalu, n'kuiika pachitsa patsogolo pa bamboyo, galasi litaloza kwa iwo.

"Ndi yanu," anatero. "Mlendo wanu takuperekezerani."

Palibe amene anaigwira. Ndikunena pamaso pa Mulungu, manja a tonse anali poonekera. Koma inalira kuti tcha.

Kagalasi kakumbuyo kanayaka. Kanali kataloza kwa ife, ndipo amene anali pafupi ndi Enelesi. Anawerama n'kuyang'ana. Ine ndinangoona chikasu cha chitenje pambali pa phewa la a Mukhuna, pafupi kwambiri, ndi dzanja lamatope litagwira kolala ya malaya awo. Ndinaonanso kuti mayiyo sanafulatire. Pamenepo ndinachotsa maso, ndipo sindichita manyazi kunena.

"Watembenuka?" anafunsa a Mukhuna, mawu ali ngati a mwana.

"Watembenuka," anatero Enelesi.

"Akuoneka bwanji? Wakwiya?"

Enelesi anaweramuka n'kukonza chitenje chake. "Dzionereni nokha. Ndinu wojambula."

Tinawasiya atakhala pomwepo, kamera ili pachitsa, iwo akuiyang'ana osaitembenuza. Mayi Edina anatiperekeza mpaka pamsewu, ndipo anapempha chithunzi chimodzi, chija cha m'munda wa nandolo. Anati ngakhale ndi msana wokha, ndi wa mng'ono wake. Ndinamva pambuyo pake kuti a Mukhuna anakaulula okha kwa akuchikazi, kenako anasamuka m'mudzimo. Kumene anapita, ndi kamera kapena opanda, palibe akudziwa. Nkhope imene anaiona Enelesi sanauzepo munthu, ngakhale ine mlongo wake.

Pobwerera, njinga zamoto zinatisiya pamphambano, ndipo mtunda wotsalawo tinayenda wapansi. Enelesi anapepesa amuna ake ine ndikumva, mawu ochepa koma ochokera pansi pa mtima, ndipo alamu anati zatha. Ndinaona kuti ntchito yanga ya unkhoswe yatheka, ndinayamba kuyenda patsogolo kuti ndiwapatse mpata.

Tili pafupi kufika, ndinamva Enelesi akufunsa kumbuyo kwanga, mofatsa ndithu.

"Bambo a Lonjezo, mukanakhala inu pamwala paja, ine ndili pabwalo, mukanayamba chiyani? Kukuwa kapena kudina?"

Alamu anayankha kuti kukuwa, ndipo ndikukhulupirira kuti ananena zoona. Koma asanayankhe tinayenda mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ine ndi Enelesi tonse tinawamva mapaziwo.

Banja lilipo mpaka lero, chikwama chija anamasula tsiku lomwelo. Koma mitambo ikangoda kuphiri, Enelesi sadikira kuitanidwa ndi munthu. Amatenga ambulera yekha n'kuyamba kukwera kumtunda, kutchalitchi, amuna ake n'kumatsatira pambuyo.